Zimene Lucia Anauzidwa

Mzere wa olapa unali utafupika pamene Justina anafika kuseri kwa tchalitchi. Bambo Mtonga, wansembe watsopano wa parishi, anali ataika mpando wawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo pambali pake panali mphasa yopinda yogwadirapo. Njinga yawo yamoto inali itatsamira khoma, matope atauma m'matayala. Unali mwezi wa Malichi chaka cha 1995, pakati pa nyengo ya Lenti, ndipo ku nthambi iyi ya kwa Magodi wansembe ankafikako kamodzi pa miyezi iwiri.

Justina anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, mtsogoleri wa amayi pa tchalitchipo. Ndiye ankachapa nsalu za pa guwa, ndiye ankayambitsa korona pa maliro. Anagwada, nachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba monga ankayambira nthawi zonse. Anatchula zakuti anakalipira mwamuna wake, zakuti anajomba mapemphero Lamulungu lina chifukwa cha fodya, ndipo pomaliza, mothamanga pang'ono, anati, "Ndinalankhulanso zoipa za mnzanga."

Mawu amenewa anali atawanena kwa zaka ziwiri. Wansembe wakale, mzungu wokalamba amene makutu ake anali atayamba kutseka, ankangogwedeza mutu n'kumupatsa Tikuoneni Maria katatu. Koma Bambo Mtonga sanagwedeze mutu.

"Mnzanuyo munamunenela chiyani, amayi?"

Justina anayang'ana nyerere zimene zinkadutsa m'mphepete mwa mphasa. "N'zakale, Bambo."

"Ngati n'zakale, bwanji mwabwela nazo lelo?"

Kenaka Justina anayamba kulankhula motsitsa mawu, ndipo atayamba sanathenso kusiya.

Mlongo wake wamng'ono, Steven, ankayendetsa lole yonyamula fodya kupita ku Chipata ndi ku Lusaka. Mu 1993 anabwerera kumudzi atawonda, akutsokomola, ndipo sanadzukenso. Ankamudwazika ndi mkazi wake Rosemary pamodzi ndi Justina. Tsiku lina masana, Rosemary atapita kuchitsime, Steven anagwira mkono wa mlongo wake n'kumuuza kuti ku Chipata anali ndi mkazi wina kwa zaka zitatu, ndipo mkaziyo anamwalira chaka chathacho ndi matenda omwewa. "Rosemary alibe mlandu," anatero Steven. "Ndine ndamubweletsela. Mumusamale."

Steven atamwalira, anthu pa maliro ankanong'onezana kuti mwana wa a Zimba wapita ndi kaliondeonde. Justina ankawamva, ndipo m'mutu mwake munkatentha. Abale atakhala pansi kukambirana za katundu, iye anaimirira n'kunena kuti matendawo anabwera ndi Rosemary, amene ankasoka zovala n'kumakagulitsa ku boma Loweruka lililonse. Ndani ankadziwa kumene ankalowa akatha kugulitsa? Mkulu wawo Eston anawalandira mawuwo ndi manja awiri. Anatenga ng'ombe zinayi. Justina anatenga makina osokera. Rosemary anabwezedwa kwawo kwa Mwase Lundazi ndi chikwama chimodzi, ndipo mwana wake yekhayo, Lucia, wa zaka zisanu ndi zinayi, anatsala ndi Justina, poti mwana ndi wa kuchimuna.

Bambo Mtonga anamvetsera osamudula. Atatha anafunsa, "Makinawo ali kuti?"

"Ali kwathu."

"Mumasokela?"

"Ndimasokela," anatero Justina. "Nsalu yofiilila ili pa guwa lelo ndinasokela omwewo."

Wansembeyo anapuma mozama, koma mawu awo sanakwere. "Amayi, Mulungu kukhululuka savuta. Amene timavuta ndife. Inu mukumva chisoni, ndikuona. Koma kulapa si chisoni chabe. Munthu akaona kuti wasochela njila satha kungolila uku akupitabe komweko. Amatembenuka. Bodza lanulo likadali kugwila ntchito mpaka lelo. Kodi muli wokonzeka kuliletsa?"

"Ndiyambile pati? A Eston andiona bwanji? Amayi onse awa?"

"Poyambila mudzapaona. Ine ndikufunsa chabe ngati mukufuna."

Justina akanatha kunena kuti inde. Mawuwo anali afupi, ndipo anthu anali atayamba kale nyimbo yolowera. Koma anati, "Sindingalonjeze, Bambo."

"Mwayankha zoona, ndipo n'chiyambi chabwino. Tisanamize Mulungu tonse awili. Pitani mukaganize. Khomo silinatsekedwe." Anamuika dzanja pamutu namupempherera, koma mawu omasula machimo sanawanene.

Pa Misa, nthawi yolandira mgonero itakwana, amayi a pa benchi yake anaimirira n'kudikira kuti iye atsogole monga mwa masiku onse. Justina anapinda mawondo kuwapatsa njira. Mmodzi anamuyang'ana kawiri. Iye anangoyang'ana pansi mpaka nyimbo inatha.

Pobwerera kunyumba, mwamuna wake Solomon ankakankha njinga pambali pake, poti njira inali yoterera. Lucia anali patsogolo ndi anzake a kwaya. Chimanga chinali chitakhwima mbali zonse ziwiri za njira, ndipo kunkanunkhira fodya wa m'zigafa.

"NyaZimba," anatero Solomon, kumuitana ndi dzina la kwawo, "lelo abambo atsopanowa akumanani mkate? Kapena mwadya mmawa mobisa?"

Justina sanaseke. Anayenda pang'ono, kenaka anamuuza zonse, kuyambira mawu a Steven. Solomon anaima, phazi limodzi pa mwala.

"Ine ndinkakayika," anatero. "Steven ndinkamudziwa. Tinayendapo naye ku Chipata kamodzi, ndinaona nyumba imene analowa."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Pa nkhani ya a Zimba, mkamwini ngati ine ndikananena chiyani? Komanso ndinkaopa inu." Anayambanso kukankha njinga. "Tonse awili tili ndi katundu wathu. Wanuyo ndi wolemela, koma wangayo si wopepuka."

Kwa masiku anayi Justina anagwira ntchito zake monga kale. Anasoka fodya m'chigafa, anapalira mbatata, anaphika. Makina anali pakona ya chipinda atafunditsidwa chitenje, ndipo iye ankalowa ndi kutuluka osayang'anako. Lachisanu mmawa, Lucia atapita kusukulu, anawachotsa pa tebulo, nawapukuta, nawathira mafuta, n'kuwakulunga m'thumba la feteleza. Solomon anawamanga pa njinga osafunsa kanthu, namuperekeza mpaka ku msewu waukulu.

Anakwera vaneti mpaka ku boma, makina ali pamiyendo. Ku boma anadikira minibasi ya kwa Mwase kuti idzaze. Atatsika anawasenza pamutu, nafunsa njira kawiri, ndipo anafika pamudzipo dzuwa litapendeka.

Nyumba ya kwawo kwa Rosemary inali yaudzu, kumapeto kwa mudzi. Pakhonde panali mayi wachikulire akusankha nyemba. Anali a Faides, amayi ake a Rosemary, amene Justina anawaona komaliza pa tsiku limene anabwera kudzatenga mwana wawo.

"Odi."

A Faides anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka ku thumba la pamutu. "Odini," anatero mosafulumira. Anamuyalira mphasa, poti mlendo ndi mlendo. "Monire," anamupatsa moni m'chilankhulo cha kumeneko.

"Yewo. Muli uli, amama?"

"Tili makola. Koma mnzanu sali makola. Ngati mwabwela kudzaona, lowani muone."

Rosemary anali atakhala pa mphasa atatsamira khoma, bulangete m'miyendo ngakhale kunja kunali kofunda. Justina ankamukumbuka ali wonenepa, woseka mokweza, wokonda kuluma ulusi ndi mano. Tsopano tsitsi lake linali lopyapyala ndi lofewa ngati la khanda, ndipo mikono inali itatsala mafupa. Maso okha ndiwo anali omwe aja.

"Alamu," anatero Rosemary. "Kwagwa chiyani kwa Magodi? Mwana wanga ali bwino?"

"Ali bwino. Ali giledi faifi manje." Justina anatula thumba, namasula chingwe, naonetsa makinawo. Kenaka anagwada. Mawu amene anawakonza m'minibasi anathawa onse, ndipo anangonena zinthu monga zinalili: zimene Steven anamuuza, zimene iye ananena pamaso pa abale, ndi kuti ankadziwa kuti akunama pamene ankazinena. "Ndinakulakwilani, alamu. Mundikhululukile."

A Faides anali ataima pakhomo, lichero m'manja. Kunja nkhuku inkaitana anapiye ake.

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero Rosemary potsiriza. "Steven anandiuza inenso, kutatsala masiku awili. Anandiuzanso kuti wakuuzani. Tsiku lija pamene munaimilila, ine ndinaganiza kuti mukuimilila kundiikila kumbuyo."

Justina anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinatsala pang'ono kukhudza mphasa.

Rosemary anatambasula dzanja nakhudza gudumu la makinawo. Analizungulitsa pang'ono, ndipo singano inakwera n'kutsika kamodzi. "Mwawasamala bwino. Koma onani manja awa. Ndisoke chiyani? Mukanabwela nawo chaka chatha bwenzi ndasokela amama dilesi." Anabweza dzanja lake m'bulangete. "Ng'ombe sindifunsa. Makina sindinawalile. Ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Lucia munamuuza chiyani za ine?"



"Ndinatumiza makalata atatu," anapitiriza Rosemary. "Sanayankhe ngakhale imodzi. Mwana uja amadziwa kulemba, ndinamuphunzitsa ndine."

"Makalata anafika. Ndinawasunga." Mawu a Justina ankamveka ngati akuchokera patali. "Tinamuuza kuti atate ake anafa chifukwa cha inu. Kuti munachoka nokha, chifukwa cha manyazi."

Rosemary anatseka maso. Sanalire. Chifuwa chake chinkakwera ndi kutsika mofulumira pansi pa bulawuzi, ndipo a Faides anaika lichero pansi n'kudzakhala pambali pake.

"Mwati ndikukhululukileni," anatero Rosemary maso ali chitsekere. "Lelo sindingathe. Mwina Mulungu adzandipatsa mphamvu, mwina nthawi idzandithela. Koma ngati mwabwela kudzalapa zoona, si kuno kolapila. Ine ndikudziwa kale kuti ndilibe mlandu. Amene sakudziwa ali kunyumba kwanu."

Justina anagona pamudzipo, poti galimoto zinali zitatha, ndipo mmawa a Faides anamupatsa zinangwa zophika za m'njira osanena mawu ambiri.

Lamulungu masana, Justina atabwera kuchokera ku mapemphero, anapeza Lucia kuseri kwa nyumba akuchapa yunifolomu yake m'beseni. Anali mtsikana wamtali, wachete, wa mphumi ya atate ake. Kwa zaka ziwiri ankagona m'chipinda chimodzi ndi ana a Justina, kudya mbale imodzi, ndipo akadwala malungo ankaitana Justina. Ankamutcha ankhazi, monga ana a kumeneko amatchulira mlongo wa atate awo.

"Siya kaye zochapazo, khala apa."

Lucia anapukuta manja m'chitenje nakhala pa mtondo wogona. Justina anatulutsa makalata atatu m'thumba la diresi. Anali osatsegula, m'mbali mwake mutada chifukwa chokhalitsa pansi pa sutikesi.

"Awa ndi ako. Achokela kwa amako. Anafika kalekale, ine ndinawabisa."

Mtsikanayo anawayang'ana koma sanawalandire. "Sindiwafuna. Munati anapha adada."

"Ndinatelo. Ndinanama."

Anamufotokozera mosazungulira, m'mawu amene mwana wa zaka khumi ndi chimodzi angamve. Anamuuza kuti matenda anabwera ndi atate ake, kuti atate akewo anavomera okha ndipo anapepesa asanamwalire, kuti amayi ake sanachoke okha koma anathamangitsidwa akulira, akupempha kuti atenge mwana wawo. Anamuuzanso kuti amayi akewo akudwala kwambiri.

Lucia anamvetsera akuyang'ana thovu la sopo likuphwa m'beseni. "Chifukwa chiyani, ankhazi?"

"Ndinkachita manyazi kuti anthu anene mlongo wanga. Ndinasankha kuti anene amako."

"Ine ndinasiya kuwapemphelela," anatero Lucia pang'onopang'ono. "Tikamapemphela madzulo, ndimatchula adada, ndimatchula inu. Iwo ndimawadumpha dala."

"Tchimo limenelo si lako. Ndi langa."

Mtsikanayo anatenga makalata aja nanyamuka. Anapita kukakhala pansi pa nkhokwe, msana atalozetsa kunyumba, ndipo anakhala komweko mpaka dzuwa linafiira. Justina anamaliza kuchapa yunifolomu ija nayanika. Madzulo Lucia anadya, anatsuka mbale, koma sanamuyang'ane Justina kumaso, ndipo pofuna mchere anapempha kwa Solomon.

Nkhani siichedwa pamudzi. Lachiwiri mmawa Eston anafika, chipewa chili kumutu, nakana mpando.

"Mlongo, ndamva kuti mwayamba kugawa katundu wa malemu."

"Ndabweza makina kwa mwini wake, akulu."

"Ndamvanso kuti mukuuza mwana zonyoza atate ake. Munthu ali m'manda, sangadziyankhile."

"Anadziyankhila ali moyo. Anandiuza ine, ndipo ine ndinabisa. Zimene ndinanena tsiku lija zinali zabodza."

Eston anayang'ana Solomon, amene ankakonza tcheni cha njinga pakhonde. "Alamu, mukuwamva akazi anu? Ndi wansembe watsopano uja wawasokoneza?"

"Ndikuwamva," anatero Solomon osadzutsa mutu. "Akunena zoona. Nyumba ya ku Chipata ija ndinaiona ndi maso anga."

Eston atalankhulanso, mawu ake anali otsika. "Ng'ombe zija zinaswana m'khola langa. Ndazidyetsa ine. Musaganize kuti zituluka."

"Za ng'ombe mudzaona nokha ndi mtima wanu. Ine Loweluka ndikupita ndi Lucia kwa amake. Sukulu atseka Lachisanu."

"Mwana ndi wa a Zimba."

"Sasiya kukhala wa a Zimba chifukwa waona amake asanafe."

"Mukapita naye, pakhomo panga musadzapondenso."

Justina anamva mawuwo akumulowa ngati madzi ozizira. Eston ndiye anamulera atate awo atamwalira, ndiye anamulipirira sukulu mpaka pamene anasiyira. Anayang'ana nkhope ya mkulu wakeyo, imvi za m'ndevu zake, n'kunena kuti, "Ndamva, akulu."

Loweruka anakwera vaneti yomwe ija. Lucia anavala diresi lake la ku tchalitchi, ndipo m'chikwama anaika makope ake onse kuti akaonetse amayi ake. Njira yonse ankayang'ana kunja. Ku boma Justina anamugulira mabanzi awiri, iye analandira ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira, koma sanadye. Anawakulunga m'mpango nawaika m'chikwama.

Atayandikira nyumba ija, mtsikanayo anachepetsa liwiro, kenaka anaima.

"Andizindikila?"

"Akuzindikila. Koma iwe usadabwe. Awonda kwambili."

A Faides anawaona ali patali. Anaimirira, nagwira pakamwa, n'kulowa m'nyumba osapereka moni. Lucia anafika pakhomo, navula nsapato zake, nawerama n'kulowa. Justina anatsala panja. Anakhala pansi m'mphepete mwa khonde, miyendo atatambasula pa dothi. Kenaka anamva mawu a Rosemary akutchula dzina la mwana wake kawiri, ndi kulira kwa mtsikanayo, kotsika, kosalekeza. Justina anatulutsa korona m'thumba, koma sanathe kupemphera. Anangoigwira.

Patapita ola kapena kupitirira, a Faides anatuluka maso ali ofiira. "Akukuitanani."

Rosemary anali atakhala tsonga kuposa tsiku lija. Lucia anali pambali pake, makope atayalidwa pa bulangete, ndipo banzi limodzi linali litanyemedwa pakati.

"Wakula," anatero Rosemary. "Mwamulela bwino. Chimenecho sindikana."

Justina anakhala pansi pafupi ndi khomo.

"Akhala kuno mpaka sukulu atsegule. Zikatelo tidzaona mmene ndidzakhalile." Rosemary anatsokomola, ndipo Lucia anamupatsa kapu ya madzi. Atamwa anapitiriza. "Amama akalamba. Kundinyamula kupita kubafa sakutha, msana ukuwapweteka. Mwanayu sindifuna kuti aziona zonse. Azimayi a pamudzi pano amaopa kundigwila." Anamuyang'ana Justina m'maso. "Inu munamudwazika Steven. Mukudziwa mmene zimakhalila kumapeto."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukakolole mtedza wanu. Mukatha mubwele."

Justina anaganiza za munda wake, za amayi a ku tchalitchi amene anali atayamba kale kumulankhula mosamala, za khomo la Eston. Anaganizanso za ntchito imene ankaitanidwira, poti ankaidziwa yonse, fungo lake ndi kulemera kwake.

"Mtedza akumba a Solomon ndi ana," anatero. "Ndipita kukatenga zovala. Lachitatu ndili pano."

Rosemary anagwedeza mutu kamodzi, natembenukira kwa mwana wake n'kumuuza kuti atsegule kope la masamu. Justina anatuluka mwakachetechete. Pakhonde anaona kuti mtsuko wa madzi uli pafupi kutha, ndipo minibasi yobwerera ku boma inali isanayandikire nthawi yake. Anafunsa a Faides njira ya kuchitsime, nanyamula ndowa.